Galimoto yokwezedwa ikayamba kunjenjemera: gwero la vuto ndi kakonzedwe kake

Munthu amene anakwerapo matola pakati pa Golomoti ndi Mtakataka akukudziwa kunjenjemera kwina kumene kumayamba galimoto ikatuluka m'msewu wafumbi n'kulowa pa phula la M5, dalaivala n'kuwonjezera liwiro. Kunjenjemera kumeneku n'kosiyana ndi kudumphadumpha kwa m'maenje. Kumachokera pansi pa galimoto, kumalowa m'mapazi, kumakwera m'mpando, mpaka galasi loonera kumbuyo limayamba kuonetsa zinthu mwachimbuuzi. Okwera amangoti galimotoyo yakalamba. Eni ake nawo amayankha kuti umo ndi momwe galimoto yokwezedwa imakhalira, palibe chochita. Mayankho onse awiriwa ndi olakwika. Kawirikawiri chimene chikudandaula pansipo ndi chitsulo chachitali chopititsa mphamvu kumatayala akumbuyo, chomwe amakaniko amachitchula kuti propshaft kapena kungoti shafiti. Kudandaula kwakeko kuli ndi chifukwa chodziwika, kumayezeka, ndipo nthawi zambiri kumatha ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi zimene mwini galimoto adzawononge tsiku limene chitsulocho chidzaduke.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ambiri kuposa eni magalimoto okha. Mapikapu omwewa ndi amene amanyamula mpunga wochokera ku sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje Valley, yomwe ndi ya mahekitala 800 ndipo inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Ndi omwewa amene amatenga nsomba kugombe la nyanja, simenti yomangira midadada ya sukulu, maliro, ndiponso mayi woyembekezera amene matenda amuyamba usiku ndipo akufunika kufika kuchipatala cha mishoni ya Mua mwachangu. Galimoto ikafera panjira ndi katundu wotereyu, amene amavutika koposa kawirikawiri si mwini wake.

Chifukwa chimene anthu amakwezera magalimoto

Palibe amene angadzudzule mwini galimoto wa m'dera lino chifukwa chofuna kuti galimoto yake italikireko pansi. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yaikulu, pomwe nyanja ya Malawi siifika mamita 500. Madzi ambiri ogwa m'mapiriwo amatsikira kuchigwa kudzera m'mitsinje monga Namikokwe, Nadzipulu ndi Livulezi, ndipo akamatsika samapatula msewu. Kupatula M5, msewu wa Khwekhwelere wokwera ku Masasa ndi uja wolowera ku Monkey Bay, njira zambiri zopita m'midzi ndi zadothi. Dzinja likafika, dothi la makande limasanduka phala. Chilimwe chikabwera limauma n'kusiya mikwasa yakuya ya matayala ndi chitunda pakati. Galimoto yofupika imakhula mimba pachitundapo.

Anthu amakweza magalimoto m'njira zosiyanasiyana. Ena amawonjezera masamba a sipuling'i kuti galimoto izinyamula matumba ambiri, ndipo kukwerako kumangobwera ngati chotsatira. Ena amapinditsanso masipuling'i akale, ena amatalikitsa zitsulo zolendewera zomwe zimagwira sipuling'i kumapeto kwake, zija amati ma shackle, ndipo ena amalowetsa chidutswa cha chitsulo pakati pa sipuling'i ndi ekiselo.

Pali mfundo imodzi imene ambiri samaiganizira asanapereke ndalama kwa wowotcherera. Pa galimoto ya ekiselo yolimba, monga kumbuyo kwa mapikapu ambiri, kukweza masipuling'i kumakweza thupi ndi chasisi, koma sikukweza difu. Chibuluma cha difu chija chili pakati pa matayala, chomwe ndicho chimayamba kugunda chitunda, chimakhala pamene chinali kale. Chimene chimachikweza ndi matayala okulirapo basi. Choncho mwini galimoto amene wakweza ndi masentimita 10 poganiza kuti wathana ndi chitunda, wapindula pang'ono chabe, koma wasokoneza kwambiri kakhalidwe ka shafiti, ndipo wakwezanso kulemera kwa galimoto m'mwamba, chinthu chomwe chimaipangitsa kupendekera mosavuta pa makona a Khwekhwelere.

Mmene shafiti imagwirira ntchito

Injini ndi giyabokosi zimamangiriridwa ku chasisi, pomwe difu imakwera ndi kutsika limodzi ndi matayala. Shafiti imalumikiza zinthu ziwirizi, chimodzi chokhazikika, china chosakhazikika. Kuti zimenezi zitheke, kumapeto kwake konse kuli mfundo yopindika. Pakati pa mfundoyo pali kachitsulo kooneka ngati mtanda, komwe amakaniko amakatchula kuti kolosi, ndipo nsonga zake zinayi zimazungulira m'tizikho todzaza tizitsulo tating'ono ngati masingano. Pali malo enanso pamene shafiti imalowana ngati mpini ndi khasu, koma mwa mano, kuti izitha kutalika ndi kufupika galimoto ikamadumpha.

Mfundo yotereyi si yachilendo. Imadziwika ndi dzina la Gerolamo Cardano, katswiri wa ku Italy wa m'zaka za m'ma 1500, ndiponso la Robert Hooke wa ku England, amene anaifufuza m'zaka za m'ma 1670. Mu 1904, Clarence Spicer wa ku America anayamba kupanga mfundozi zoti zizigwira ntchito m'magalimoto, ndipo dzina lake likadali pa mabokosi a makolosi mpaka lero. Chiyambire nthawi ya Hooke, akatswiri akudziwa chilema chimodzi cha mfundoyi: ikapindika, siipereka liwiro mofanana. Ngakhale giyabokosi izungulire mosasintha, shafiti imathamanga pang'ono, n'kuchedwa pang'ono, n'kuthamanganso, n'kuchedwanso, kawiri pa kuzungulira kumodzi kulikonse. Imayenda motsimphina.

Kutsimphinako kumakula mofulumira kupindika kukamakula. Mfundo ikapindika ndi madigiri 3, kusiyana kwa liwiro n'kochepa kwambiri moti sikumveka. Ikafika madigiri 10, liwiro limakwera ndi kutsika ndi gawo limodzi ndi theka pa magawo 100 alionse. Chiwerengerochi chikuoneka chaching'ono, koma shafiti imazungulira pafupifupi kanayi tayala likazungulira kamodzi. Pikapu yoyenda pa liwiro la makilomita 80 pa ola imazunguza shafiti yake koposa 2,000 pa mphindi imodzi, kutanthauza kuti kukoka ndi kubweza kuja kumachitika koposa 4,000 pa mphindi. Zimenezo n'zimene wokwera amamva m'mapazi.

Opanga magalimoto amathana ndi chilemachi pogwiritsa ntchito mfundo ziwiri. Ya kutsogolo ikathamangitsa shafiti, ya kumbuyo imachedwetsa ndi muyeso womwewo, ndipo difu imalandira liwiro losalala. Zili ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: wina akamakweza musi, mnzake akutsitsa wake, ndipo ntchito imayenda bwino bola asasemphane. Kuti mfundo ziwirizi zimvane chonchi pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba, kupindika kwa mfundo ya kutsogolo kufanane ndi kwa ya kumbuyo. Chachiwiri, mafoloko awiri a kumapeto kwa shafiti, omwe amagwira makolosi, akhale pa mzere umodzi. Kampani ya Dana, yomwe imapanga makolosi a Spicer, imalangiza kuti kupindikaku kusapitirire madigiri 3 ngati mwini wake akufuna kuti kolosi ikhalitse, ndipo kusiyana pakati pa mfundo ziwirizo kusapose digiri imodzi.

Chimene kukweza kumasokoneza

Galimoto ikakwezedwa, giyabokosi imakwera, difu n'kutsala pansi, ndipo shafiti imatsetsereka kwambiri kuposa kale. Masamu ake ndi osavuta. Pa shafiti yotalika mita imodzi, kukweza ndi masentimita 5 kumawonjezera pafupifupi madigiri 3. Pa shafiti yaifupi ya masentimita 60, masentimita 5 omwewo amawonjezera pafupifupi madigiri 5, ndipo masentimita 10 amawonjezera oposa 9. N'chifukwa chake galimoto yaifupi imavutika msanga kuposa yaitali ngakhale zakwezedwa mofanana.

Choipa kwambiri n'chakuti njira zina zokwezera zimatembenuzanso ekiselo. Ma shackle aatali amatsitsa mbali ya kumbuyo ya sipuling'i yokha, ndipo mphuno ya difu, pamene shafiti imamangidwa, imadzuka kuyang'ana m'mwamba. Pamenepo kupindika kwa kumbuyo kumachepa, kwa kutsogolo n'kukula, ndipo mfundo ziwiri zija zimasiya kumvana. Zidutswa zolowetsa pansi pa sipuling'i nazo zili ndi vuto lawo: zimapatsa ekiselo mpata wopotoza sipuling'i galimoto ikamanyamuka ndi katundu wolemera, moti mphuno ya difu imadzuka ndi kugwa ngati mutu wa gulo. Dalaivala amamva galimoto ikuchita gwedegwede ponyamuka, kenako n'kukhazikika.

Mapikapu ambiri aatali, kuphatikizapo ma Toyota Hilux ochuluka, ali ndi shafiti ya zigawo ziwiri, yogwiridwa pakati ndi beyaring'i yokhala mu labala. Beyaring'i imeneyi ndi yomangiriridwa ku chasisi, choncho imakwera nayo limodzi, ndipo kutsetsereka konse kumagwera chigawo cha kumbuyo chomwe n'chachifupi. Malo olowana aja nawo amasololoka, mano ogwirana n'kuchepa. Galimoto ikadzalowa m'khwawa tayala limodzi n'kulendewera, shafiti ikhoza kusololokeratu.

Pali chinthu china chimene chimanyenga eni mapikapu owonjezera masamba a sipuling'i. Galimoto imapita m'mawa yopanda kanthu ikunjenjemera, koma pobwera madzulo itasenza matumba a mpunga imayenda phee. Mwini wake amaganiza kuti vuto latha lokha. Chimene chachitika n'chakuti katundu watsitsa chasisi n'kubwezera shafiti pafupi ndi pamene opanga anaikonzera. Mawa lake m'mawa kunjenjemera kumabwerera, ndipo makolosi amapitiriza kudyeka.

Kupeza gwero lenileni

Si kunjenjemera konse kumene kumachokera ku shafiti, ndipo ndalama zambiri zimatayika pogula zipangizo zomwe sizinalakwe. Makaniko wabwino amayamba ndi kufunsa ndi kumvetsera asanagwire sipanala.

Choyamba kuchichotsa pa mndandanda ndi matayala. M'dera la makande, matope owumira mkati mwa limu amakwanira kugwedeza galimoto yonse, ndipo mankhwala ake ndi ndowa ya madzi ndi kamtengo. Tayala lotupa, limu yopindika kapena mabauti osamanga bwino zimabweretsa kugwedezeka kwapang'onopang'ono kumene munthu akhoza kukuwerenga, ndipo ngati vuto lili kutsogolo limamveka m'chiwongolero. Kwa shafiti n'kothamanga, ngati kulira kwa chigayo chakutali, ndipo kumamveka pansi ndi m'mpando. Injini nayo imayesedwa mosavuta: galimoto itaima, dalaivala aponde mafuta pang'onopang'ono, ngati kunjenjemera kuja kwabwera galimoto isakuyenda, shafiti ilibe mlandu.

Kenako pamafunika kuyendetsa pamsewu wowongoka ndi wosatsetsereka, monga zigawo zina za M5. Kunjenjemera kobwera chifukwa cha kupindika kumakula dalaivala akaponda mafuta, makamaka ponyamuka ndi pa liwiro lochepa, ndipo kumachepa akachotsa phazi. Kobwera chifukwa chakuti shafiti yapindika, yaphwanyika mbali imodzi pamwala, kapena yataya tizitsulo tolinganiza kulemera tomwe opanga amamatapo, kumakula limodzi ndi liwiro ndipo kumakhalabe ngakhale galimoto ichotsedwe m'giya. Kuyesa kochotsa m'giya kumeneku n'kwa pamalo athyathyathya pokha. Pa Khwekhwelere n'kuitana imfa.

Galimoto zoyendera matayala onse anayi, zija zimalola dalaivala kulumikiza kapena kumasula matayala akutsogolo, zimapereka njira ina yotsimikizira. Makaniko amachotsa shafiti ya kumbuyo, n'kuyendetsa pang'ono ndi matayala akutsogolo okha. Kunjenjemera kukatha, ndiye kuti wolakwa wapezeka. Asanamasule bauti ngakhale imodzi, ayenera kutsekera matayala ndi miyala kapena zipika, chifukwa shafiti ikachoka giya sigwiranso galimoto, ndipo pa magalimoto ena, monga Land Rover Defender yakale, buleki ya pamanja imagwira kudzera m'shafiti momwemo. Ayeneranso kulemba chizindikiro ndi choko kapena penti pa malo onse olumikizana, kuti pobwezera chilichonse chibwerere pamene chinali.

Shafiti ikadali pagalimoto, dzanja limanena zambiri. Munthu akaigwira pafupi ndi kolosi n'kuigwedeza m'mwamba, pansi ndi m'mbali, siyenera kusuntha ngakhale pang'ono. Fumbi lofiira ngati dzimbiri pozungulira tizikho ndi umboni wakuti girisi anatha kalekale ndipo masingano aja akuperesana okha. Kulira kwa tswiitswii galimoto ikamayenda pang'onopang'ono, kapena kugunda kwa khwa polowetsa giya yobwerera m'mbuyo, zimanena chimodzimodzi.

Chotsiriza ndi kuyeza kupendekera. Kale izi zinkafuna chipangizo chapadera, koma lero mafoni ambiri amakono akhoza kuikidwa pulogalamu yoyezera madigiri. Galimoto iime pamalo osapendekera, itaponda pansi ndi matayala ake onse, ili ndi katundu amene imanyamula masiku ambiri. Makaniko amayeza malo atatu: potulukira mphamvu ku giyabokosi, pa thupi la shafiti, ndi pa mphuno ya difu. Kusiyana kwa muyeso woyamba ndi wachiwiri ndiko kupindika kwa kutsogolo. Kusiyana kwa wachiwiri ndi wachitatu ndiko kwa kumbuyo. Ziwerengero ziwirizi ndizo zimalamula chochita. Makaniko amene akuuza mwini galimoto kuti agule shafiti yatsopano asanayeze chilichonse akungolota.

Kukonza, kuyambira pa chotsika mtengo

Pali vuto limodzi lomwe limatha popanda kugula kanthu. Shafiti ikasololedwa pa malo olowana aja, mwina posintha kolosi, n'kubwezeredwa mano atasemphana, mafoloko awiri aja sakhalanso pa mzere umodzi. Kusemphana kwa dzino limodzi lokha kumayambitsa kunjenjemera. Mashafiti ambiri ali ndi timivi kapena tizizindikiro tosonyeza polumikizira, ndipo makaniko amangosolola n'kulowetsanso moyenera. Izi zimachitika kawirikawiri m'magalaja a pansi pa mtengo, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa wophunzira ntchito sanauzidwepo kuti mano amenewa ali ndi malo ake.

Makolosi odyeka asinthidwe asanayambe china chilichonse, popeza palibe muyeso umene ungakhazikitse shafiti ya makolosi akutha. Posintha, tizikho tilowetsedwe ndi chopanira osati kukhomedwa ndi hamala, chifukwa singano imodzi ikagwa n'kugona pansi pa kachikho, kolosi yatsopanoyo siimaliza mwezi. Beyaring'i ya pakati ikang'ambika labala, nayonso ichoke.

Ngati muyeso wasonyeza kuti mfundo ziwiri zasemphana, mankhwala ake ndi timphero tachitsulo tolowetsa pakati pa sipuling'i ndi pogona pake pa ekiselo. Timpheroti timapangidwa mwa madigiri, monga 2, 3 kapena 4, ndipo timatembenuza mphuno ya difu mpaka ifanane ndi giyabokosi. Tiyenera kukhala tachitsulo cholimba, togwidwa ndi bauti ya pakati pa sipuling'i kuti tisapulumuke, ndipo mabauti okhota omangira ekiselo akhale atsopano, amangidwenso galimoto ikayenda masiku angapo. Amakaniko odziwa amasiya mphuno ya difu itaweramira pansi ndi digiri imodzi kapena awiri, podziwa kuti idzadzuka yokha galimoto ikamakoka. Pa mapikapu a shafiti ya zigawo ziwiri, kutsitsa beyaring'i ya pakati ndi kachitsulo ka mamilimita ochepa nthawi zambiri kumathetsa gwedegwede wa ponyamuka. Kutsitsako kuchitike pang'onopang'ono, akuyesa pamsewu, chifukwa kupitirira muyeso kumabweretsa kunjenjemera kwina pa liwiro lalikulu.

Njira ina imene eni ambiri safuna kuimva, koma ndiyo yanzeru pa magalimoto ambiri a m'dera lino, ndi kutsitsako galimoto. Kukweza kwa masentimita 4 kapena 5 magalimoto ambiri amakupirira ndi kukonza kochepa. Kupitirira apo, vuto lililonse limabala linzake. Kubwezera ma shackle a muyeso wake ndi kuchotsa zidutswa zija kumathetsa zambiri tsiku limodzi, ndipo galimoto imakhazikika bwino pamakona.

Kusintha shafiti yeniyeniyo kumabwera pamene zonsezi zalephera, kapena pamene ntchito ya galimoto ikufunadi kuti ikhale yokwera kwambiri. Ngati vuto ndi kufupika kokha, pamaikidwa chitsulo chozungulira chotalikitsira pakati pa shafiti ndi difu, kapena shafiti imatalikitsidwa. Apa mpofunika kusamala. Wowotcherera wa pamsika akhoza kudula paipi n'kulumikiza mwaluso, koma diso la munthu silingaone kukhota kwa theka la milimita, pomwe pa kuzungulira 2,000 pa mphindi kukhota kotereku kumamveka m'galimoto monse. Shafiti yodulidwa imayenera kuwongoledwa pa makina ndi kulinganizidwa kulemera kwake, ntchito yomwe imachitika m'mashopu a zitsulo a m'mizinda. Ulendo wa ku Lilongwe ndi shafiti pamsana ndi wotsika mtengo kuposa kugula giyabokosi ina.

Mtundu wa shafiti umene umathetsadi vuto la kupindika kwakukulu ndi uja wotchedwa double cardan. Kumapeto kwake kwa ku giyabokosi kuli makolosi awiri oyandikana, ogwirizanitsidwa ndi kampira kachitsulo pakati, moti kupindika kumagawidwa pawiri ndipo kutsimphina kwa kolosi yoyamba kumathetsedwa ndi yachiwiri pomwepo. Koma shafiti imeneyi ili ndi lamulo lake losiyana ndi lija la poyamba. Popeza makolosi awiriwo amamvana okha, kolosi yotsala ya ku difu ilibenso inzake yoithandiza, choncho iyenera kukhala pafupifupi yowongoka. Mphuno ya difu imatembenuzidwa kuti iyang'ane kumene shafiti ikuchokera, n'kutsala digiri imodzi kapena awiri okha. Kupindika pang'onoko n'kofunika kuti masingano azizungulira, asamadinde malo amodzi. Cholakwika chodula kwambiri ndi kugula shafiti yotereyi, kuimanga, n'kusiya difu momwe inalili. Galimoto imanjenjemerabe, ndipo mwini wake amatukwana wogulitsa pomwe chitsulocho chilibe vuto. Mphuno ya difu ikadzutsidwa kwambiri, pamafunikanso kuonetsetsa kuti oyilo akufikabe ku beyaring'i ya kutsogolo kwake.

Kutsogolo nkhani imasiyana malinga ndi galimoto. Pa ma Hilux a masiku ano difu ya kutsogolo ndi yomangiriridwa ku chasisi, choncho kukweza kumapinda timashafiti tiwiri topita kumatayala, ndipo chizindikiro choyamba ndi kung'ambika kwa malabala otchinga girisi. Pa Toyota Land Cruiser ya ekiselo yolimba, mtundu womwe umagwira ntchito ngati ambulansi m'zipatala zambiri m'dziko muno, kukweza kumatembenuza ekiselo ya kutsogolo n'kuchititsa chiwongolero kuyendayenda. Ndipo galimoto iliyonse yotereyi siyenera kuyenda pa phula matayala onse anayi ali olumikizidwa, chifukwa mashafiti awiri amakokanakokana mpaka china chithyoke.

Madzi, mchenga ndi girisi

Ngakhale shafiti yolinganizidwa bwino siikhalitsa m'dera lino popanda girisi. Kolosi yotentha ikamira m'madzi ozizira a mtsinje imayamwa madzi ndi mchenga wosalala kudzera m'timalabala take, ndipo zikasakanikirana ndi girisi zimasanduka chinthu chopala chitsulo. Malangizo a opanga magalimoto amati galimoto yoyenda m'fumbi, m'matope kapena m'madzi izipakidwa girisi pafupipafupi kuposa yoyenda m'tawuni. M'nyengo ya mvula, galimoto ikawoloka madzi ofika pa shafiti, girisi apopedwe tsiku lomwelo kapena lotsatira, mpaka watsopano atulukire pa tizikho tonse tinayi. Kachikho kamodzi kakakana kutulutsa, ndiye kuti njira yake yatsekeka, ndipo ndi komweko kamene kadzayambe kufa. Pa malo olowana aja girisi asachuluke. Akadzaza mpata wonse, shafiti imalephera kufupika galimoto ikadumpha, ndipo mphamvu yonse imakankha giyabokosi.

Shafiti ikaduka

Kawirikawiri kolosi siiduka mwadzidzidzi. Imayamba yalira, yagunda, yanjenjemera kwa masabata kapena miyezi. Pa nthawi yonseyo imawononga zoyandikana nazo: malabala otseka oyilo amayamba kudontha, mabeyaring'i a giyabokosi ndi a difu amadyeka, mabauti amamasuka okha. Tsiku lomaliza, ngati yaduka ndi ya kumbuyo, shafiti imakwapula pansi pa galimoto ndipo ikhoza kudula paipi ya buleki kapena kuboola thanki ya mafuta. Ngati yaduka ndi ya kutsogolo, nsonga ya shafiti imagwa n'kuzika pamsewu galimoto ili pa liwiro, ndipo kumbuyo kwa galimoto kukhoza kunyamuka kapena kupotokera kumbali. Pikapu yodzaza anthu kumbuyo ilibe chowateteza. Pa chitsetso cha Khwekhwelere pali choopsa china: dalaivala wotsika phiri amadalira giya kuti igwire galimoto, ndipo shafiti ikachoka giya imakhala yopanda ntchito, kulemera konse n'kutsalira mabuleki omwe atentha kale.

Chiphaso cha COF chomwe chimaperekedwa pansi pa nthambi ya boma yoona za pamsewu, ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, chimanena za mmene galimoto inalili tsiku limene inayesedwa. Sichidziwa kuti masamba awiri a sipuling'i anawonjezeredwa mwezi wotsatira, kapena kuti galimotoyo yawoloka Namikokwe kangati chiyambire dzinja. Zimenezo amazidziwa ndi mwini wake, dalaivala, ndi okwera tsiku ndi tsiku.

Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, makomiti a sukulu ndi a zipatala zing'onozing'ono, omwe nthawi ndi nthawi amachita hayala mapikapu kuti anyamule zipangizo kapena odwala, ali ndi ufulu wofunsa asanagwirizane mtengo. Membala mmodzi akhoza kukwera nawo makilomita awiri pa phula galimoto ili yopanda katundu, mapazi atapondetsa pansi, maso ali pa galasi loonera kumbuyo. Akhozanso kupempha kuti injini izimitsidwe, matayala atsekeredwe ndi miyala, kenako n'kusuzumira pansi kuona ngati tizikho ta makolosi tili ndi girisi wonyowa kapena fumbi lofiira lija. Dalaivala wosamala galimoto yake sakwiya ndi pempho lotere. Kawirikawiri amatulutsa yekha chopopera girisi kuseri kwa mpando. Mwezi wa October, mvula isanagwe ndipo mitsinje isanadzaze, ndi nthawi imene magalaja a pa Golomoti ndi pa Mtakataka amatha kugoneka galimoto tsiku lathunthu pa nthaka youma, kuchotsa shafiti, kuyeza madigiri aja atatu, n'kudikira kolosi yoitanitsa ku Salima kapena ku Lilongwe popanda wodwala amene akudikira pakhomo.